Majesty: Gemu Yomwe Mfumu Silamula Asilikali Ake

Amene anasewerapo Warcraft II, Age of Empires kapena Command & Conquer pakompyuta akudziwa momwe nkhondo imayendera m'magemu amtundu umenewu. Mumazunguliza mawusi pa gulu la asilikali, n'kudina pomwe mukufuna apite, onse n'kunyamuka nthawi yomweyo popanda wofunsa chifukwa. Ngakhale muwatumize kukamwa kwa chinjoka, amapita ndithu n'kukafera komweko. Nthawi siima kuti muyambe mwaganiza. Inu mukumanga, mdani nayenso akumanga, ndipo kawirikawiri amene amapambana ndi wa zala zachangu. Kaseweredwe kameneka kanazika mizu kuyambira pa Dune II ya mu 1992, moti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kanali ngati lamulo loti palibe angalitsutse.

Mu Malichi chaka cha 2000 kunatuluka gemu ina yomwe inakana lamulolo poyera. Dzina lake ndi Majesty: The Fantasy Kingdom Sim. Inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya ku Massachusetts m'dziko la America yotchedwa Cyberlore Studios, ndipo amene anaifikitsa pamsika ndi Hasbro Interactive pansi pa dzina la MicroProse. Anthu a ku Cyberlore sanali alendo pantchitoyi. Ndi iwo omwe mu 1996 anapanga Beyond the Dark Portal, gawo lowonjezera la Warcraft II. Choncho lamulo limene anaphwanyalo ankalidziwa bwino kunja ndi mkati, ndipo analiphwanya mwadala.

Mu Majesty inu ndinu mfumu m'dziko longopeka lotchedwa Ardania, lodzaza ndi amatsenga, zinjoka, mizukwa ndi zilombo zina. Muli ndi nyumba yachifumu, ndipo ikagwetsedwa ndiye kuti mwagonja. Mumasankha nyumba zoti zimangidwe, mumalemba ntchito ngwazi zoti ziteteze ufumu, mumatulutsa golide. Koma simungadine pa msilikali n'kumuuza kuti pita uko, menya uyu. Batani limenelo kulibe. Ngwazi iliyonse ikangotuluka pakhomo la nyumba ya gulu lake imayamba kuganiza yokha: ipite kukasaka, ikagule lupanga, ikapume kunyumba ya alendo, kapena ithawe.

Munthu amene wazolowera magemu enawo amakhumudwa pa mphindi zoyambirira. Amaona chilombo chikugumula msika wake pomwe msilikali wamphamvu ali chapafupi pomwepo koma akuyenda ulendo wake kulowera kwina. Ambiri amasiyira pamenepa n'kunena kuti gemuyi ndi yowonongeka. Ine ndikuti ayi. Pamenepa ndi pomwe gemuyi imayambira, chifukwa funso lomwe ikukufunsani ndi losiyana. Sikufunsa kuti mungalamule mwachangu bwanji. Ikufunsa ngati mukuwadziwa anthu anu, ndiponso ngati mukudziwa chomwe aliyense wa iwo amakonda ndi chomwe amaopa.

Mbendera ya mphotho

Chida chachikulu chomwe mfumu ili nacho ndi mbendera ya mphotho, ndipo zilipo za mitundu iwiri yokha. Ina mumaiika pa chilombo kapena pa phanga la zilombo, kutanthauza kuti aliyense wowononga chimenechi alandira golide wakuti. Inayo mumaizika pamalo pomwe mapu akadali mumdima, kutanthauza kuti woyamba kufika apa alandira. Mtengo mumaika nokha, ndipo mutha kumauwonjezera pang'onopang'ono. Zili ngati kuitanira ganyu: mwatchula ntchito, mwatchula mtengo, tsopano mukudikira kuti abwera ndani. Mtengo ukachepa, anthu amangodutsa. Ukakwera kwambiri, amabwera ngakhale amene ntchitoyo sangaithe.

Mbali yachiwiriyi ndi imene imapweteka. Tiyerekeze kuti kumpoto kwa mudzi wanu kuli nyumba yakale yomwe mukutuluka zilombo zoopsa. Mwatopa nazo, ndiye mwaikapo mphotho yaikulu nthawi imodzi. Oyamba kuimva ndi mbava, ngwazi zomwe gemuyi imazitchula kuti Rogues. Izi zimakonda ndalama kuposa moyo, koma ndi zofooka. Zimathamanga chimodzichimodzi, osadikirana, n'kukathera pakhomo la nyumbayo asilikali enieni asanamalize n'komwe kugula zida. Mwataya anthu, ndipo golide amene munawalembera ntchito wapita. Mukati muchotse mbenderayo, ndalama zomwe munaikapo sizibwerera. Mfumu yanzeru imayamba yadikira kuti asilikali ake akule mphamvu, imamanga chipala cha wosula zitsulo, imaonetsetsa kuti pamsika pali mankhwala ochiza, kenako n'kuika mphotho yomwe ingakope amphamvu pa nthawi yomwe ali pafupi ndi malowo.

Pogamula zopita kapena kusapita, ngwazi imayang'ana kukula kwa mphotho, kutalika kwa ulendo, kuopsa kwa mdani ndi khalidwe la mtundu wake. Ngwazi yomwe yakula kale ndipo thumba lake ndi lodzaza sitekeseka ndi timakobidi tomwe tikanaithamangitsa pachiyambi. Zikatero mitengo ya chilichonse imakwera pamene ufumu ukukula, ngakhale palibe amene analemba lamulo loti ikwere.

Aliyense ndi mtima wake

Kukoma kwa Majesty kwagona pa makhalidwe a ngwazi zake, ndipo apa m'pofunika kukhalitsapo. Asilikali a malupanga, Warriors, amakonda kuteteza mudzi ndi kulimbana ndi zilombo maso ndi maso. Alenje a mauta, Rangers, sakhazikika pakhomo. Amayendayenda m'tchire n'kumatsegula mapu ngakhale simunawalipire, koma akapanikizidwa pafupi amafooka msanga. Mbava zija, kuwonjezera pa kukonda mphotho, zimatola golide pamanda a anzawo omwe angofa kumene, ndipo nyumba yawo imapaka poizoni pa zida za ngwazi zina pamtengo.

Amatsenga, Wizards, ndiwo amaphunzitsa munthu kuleza mtima. Kuwalemba ntchito ndi kodula, koma wamatsenga watsopano ndi wofooka zedi moti khoswe wamkulu mmodzi atha kumupha asanafike patali. Mumamuona akutuluka ndi mkanjo wake ndi ndodo m'manja, akuponya kamoto kamodzi, chilombo n'kumutembenukira, iye n'kuyamba kuthawira kunyumba. Simungamuthandize pomulamula. Chomwe mungachite ndi kukonzeratu malo: nsanja ya alonda pafupi, nyumba ya alendo yoti athawiremo, laibulale yoti akaphunziremo matsenga ena. Akapulumuka masiku oyambirirawo n'kukwera magawo angapo, munthu yemweyo amasanduka woopsa kuposa wina aliyense m'bwalo, wotha kupsereza gulu lonse la adani payekha. Popeza ngwazi iliyonse ili ndi dzina lakelake ndipo mwaiona ikukula kuchokera pansi, imfa yake imakukhudzani mosiyana ndi imfa ya msilikali wa m'magemu ena, yemwe amangokhala nambala.

Nyumba yachifumu ikakwezedwa kufika pa gawo lachiwiri, mumayamba kumanga akachisi a milungu ya ku Ardania, ndipo apa pali kusankha komwe kumasintha gemu yonse. Kachisi wa Agrela amatulutsa ochiritsa, amene amatsatira asilikali kunkhondo n'kumawapoletsa mabala. Wa Dauros amatulutsa amonke omenya ndi manja, omwe golide sawakopa kwenikweni, ndipo amatsegulanso mwayi wolemba ntchito ma Paladin, ankhondo achikazi olimba mtima amene amadana kwambiri ndi mizukwa. Mbali inayo kuli Krypta, mulungu wa imfa, yemwe ansembe ake aakazi amadzutsa mafupa a akufa kuti aziwamenyera nkhondo, ndi Fervus wachisokonezo, yemwe otsatira ake amaweta zilombo zakutchire. Mbali ziwirizi sizikhalira limodzi. Mukamanga wa Agrela kapena wa Dauros, khomo la Krypta ndi Fervus latsekeka. Krolm, mulungu wa ankhondo akutchire, ndi wansanje kuposa onse: mukamusankha iye, palibenso kachisi wina amene mungamange. Pa gawo lachitatu pamabwera Helia wa dzuwa ndi Lunord wa mwezi, ndipo naponso muyenera kutenga mmodzi.

Chimodzimodzinso mitundu itatu ya anthu achilendo yomwe ingakhale mu ufumu wanu. Ma Gnome ndi otchipa, ofooka pankhondo, koma amamanga nyumba mofulumira modabwitsa. Ma Dwarf ndi olimba, amisiri, ndipo amabweretsa nsanja zoponya mikondo ikuluikulu. Ma Elf ndi akatswiri a uta okonda zosangalatsa, ndipo kumene akhala kumabuka nyumba zachisangalalo zomwe zimadya ndalama ndi nthawi ya ngwazi zanu. Atatuwa sagwirizana, ndiye mumasankha mtundu umodzi.

Taonani tsono chomwe chikuchitika apa. M'magemu ena mumasankha asilikali poona mphamvu zawo. Muno mumasankha poona khalidwe. Ngati mudzi wanu ukuvutitsidwa pafupipafupi, simufuna ngwazi yamphamvu yokonda kuyenda kutali, mufuna yokonda kulondera pakhomo, monga otsatira a Lunord amene amazungulira mudzi mwaliwiro. Ngati mukufuna mapanga a zilombo aphwasulidwe popanda kulipira mphotho zambiri, mufuna amtima wapachala ngati a Krolm. Lamulo lomwe simungapereke ndi mawusi mumalipereka pasadakhale, pa nthawi yosankha amene akhale mu ufumu wanu.

Ulendo wa golide

Mu Warcraft mumatumiza antchito kukadula mitengo ndi kukumba golide. Mu Age of Empires mumasonkhanitsa chakudya, mitengo, miyala ndi golide. Mu Majesty chuma ndi chimodzi basi, golide, ndipo sakumbidwa pansi. Amazungulira.

Kuzungulira kwake kuli motere. Ngwazi yapha chilombo kapena yalandira mphotho yanu, ndiye ili ndi ndalama m'thumba. Imapita kumsika kukagula mankhwala ochiza, kwa wosula zitsulo kukagula chovala chankhondo chabwinopo, kunyumba ya amatsenga kukathiritsa mphamvu pa lupanga. Ndalamazo zimatsala m'nyumba zimenezo. Kenako kunyumba yachifumu kumatuluka wotolera msonkho, bambo wonenepa woyenda pang'onopang'ono, amene amalowa khomo ndi khomo kutolera zomwe zasonkhana. Golideyo sakhala wanu kufikira bamboyu atafika naye kunyumba yachifumu kapena ku nsanja ya alonda. Akakumana ndi chilombo panjira n'kuphedwa, thumba lonse latayika.

Kanthu kameneka, kooneka kakang'ono, kamalamulira kamangidwe ka mudzi wonse. Msika ukakhala kutali, wotolera msonkho amayenda ulendo wautali ndi woopsa. Nsanja ya alonda yomangidwa pafupi ndi msika imagwira ntchito ziwiri, kuteteza ndi kufupikitsa ulendo wa ndalama. Muthanso kuchotsa nyumba zina pa mndandanda wa zoyenderedwa kuti wotolerayo asataye nthawi ndi tinyumba tokhala ndi makobidi ochepa pomwe kumsika kwaunjikana chuma. Ndipo mphotho yomwe munapereka ija, mukaiganizira bwino, sinatayike yonse. Gawo lake lalikulu limabwerera kwa inu kudzera m'masitolo, bola masitolowo akhalepo ndipo ngwaziyo ikhale ndi moyo kuti ikagule. Mfumu youmira imene safuna kutulutsa ndalama imapeza kuti ngwazi zake ndi zosauka, zida zawo ndi zachikale, msika suyenda, msonkho nawo ndi wochepa. Sindikudziwa gemu ina ya nthawi imeneyo yomwe inaonetsa bwino chonchi kuti chuma cha wolamulira chimadalira chuma cha olamulidwa.

Palinso njira zachidule zokhala ndi mtengo wake. Nyumba ya mbava itha kukutolerani msonkho wonse nthawi imodzi mwachiopsezo, koma imadulapo gawo lake. Matsenga omwe inu mwini mungaponye, monga mphezi yochokera kunyumba ya amatsenga kapena machiritso ochokera kukachisi, amalipiridwa ndi golide yemweyo, ndipo mphezi imafika pokhapokha pomwe pali nyumbayo kapena nsanja zake pafupi. Nyumba ya asilikali ili ndi mfuu yoitanira anthu ake kuti abwerere pakhomo msangamsanga. Zimenezi ndiye zokhazo zomwe zimafanako ndi kulamula mwachindunji, ndipo mukazidalira kwambiri mosungira chuma mumauma.

Kukula kwa mudzi nako kuli ndi zotsatira zake. Walira mvula walira matope. Nyumba zikachuluka, pamabuka zokha ngalande za zonyansa pakati pa mudzi, ndipo m'menemo mumatuluka makoswe akuluakulu ndi zilombo zina zooneka ngati anthu koma za mitu ya makoswe. Ngalandezi simungaziwononge, mumangophunzira kukhala nazo. Ngwazi zikafa zambiri pamabuka manda, ndipo kumandako kumachokera mizukwa. Mdani wa mu Majesty sachokera kunja kokha. Wina amabadwa ndi chitukuko chanu chomwe, wina ndi kusasamala kwanu.

Gemuyi ilibe nkhani imodzi yaitali yotsatizana. Ili ndi ntchito zosiyanasiyana zomwe mumasankha pa mapu a Ardania, ndipo mlangizi wa mfumu amakufotokozerani iliyonse ndi mawu ake okoma kumva. Ina ndi yopulumutsa mwana wa mfumu, ina ndi yopha chinjoka, ina ndi yolimbana ndi khamu la zilombo zobwera motsatizana. Pali ina yomwe nkhondo si nkhani yaikulu: muli ndi ngongole kwa chiwanda ndipo muyenera kupeza golide 100,000 m'masiku 40. Malo a zinthu pamapu amasintha nthawi iliyonse mukayambiranso, choncho kuloweza pamtima sikuthandiza.

Pomwe imapunthwa

Sindinganame kuti zonse zili bwino. Nthawi zina nzeru za ngwazi zimaperewera moonekeratu: wina amabwerera kukamenyana ndi chilombo chomwe changomuthamangitsa kumene, wina amakhala phee m'nyumba ya alendo mudzi ukupsa. Palibe mbendera youza anthu kuti tetezani apa, ndiye nthawi yamavuto mumangoika mphotho pa chilombo chilichonse chomwe chalowa m'mudzi, zomwe zimatopetsa. Komanso ufumu ukalimba, mbali yomaliza ya ntchito zambiri imakhala yongodikira kuti amphamvu anu amalize zotsala. Zolakwika zimenezi ndi zenizeni. Komabe zambiri mwa izo ndi mtengo wa chinthu chomwe chimapangitsa gemuyi kukhala yamoyo. Ngwazi yomwe singakukhumudwitseni singakudabwitseninso. Tsiku lomwe mlenje wofooka adzaima yekha pakhomo la msika n'kubweza chilombo chomwe inu munali mutataya kale mtima, mumasangalala chifukwa mukudziwa kuti simunamutume.

Nanga n'chifukwa chiyani dzina lake silitchulidwa pamodzi ndi akuluakulu aja? Mbali ina ndi nthawi yomwe inatulukira. Age of Empires II inali itangotuluka mu 1999 ndipo inali pakamwa pa aliyense. Mu 2000 momwemo munatuluka The Sims, Diablo II ndi Red Alert 2, kenako Warcraft III mu 2002. Kuwonjezera apo, magemu ankhondo amtunduwu ankalowera ku mipikisano. Ku South Korea, StarCraft ya mu 1998 inasanduka masewera oonetsedwa pa wailesi yakanema, pomwe katswiri amayezedwa ndi kuchuluka kwa malamulo omwe angapereke pa mphindi imodzi. Majesty inalowera kwina kotheratu. Gemu yomwe msilikali atha kukana kumenya nkhondo siyenera mpikisano wotero, ndipo oonerera sangaone luso la wosewera chifukwa luso lake lagona pa zomwe anakonza kale mwakachetechete.

Mbali ina ndi ya makampani. Hasbro Interactive inagulitsidwa kwa Infogrames kumayambiriro kwa 2001. Chaka chomwecho kunatuluka gawo lowonjezera, The Northern Expansion, lomwe linabweretsa ntchito zatsopano kumadera achisanu ndi nyumba zina, monga yosungiramo ngwazi zakufa kuti ziukitsidwe ndi ina yoikira mphotho pa mtundu wonse wa zilombo. Gemuyi inafikanso pa Mac ndi pa Linux. Cyberlore inayamba kukonza gemu yachiwiri koma sinaitulutse. Umwini wa dzinali unadzapita kwa Paradox Interactive ya ku Sweden, ndipo Majesty 2 inatuluka mu 2009, yopangidwa ndi kampani ya ku Russia yotchedwa 1C:Ino-Co.

Yachiwiriyi inakonza zina zomwe anthu ankadandaula. Inawonjezera mbendera yoteteza ndi ina yochenjeza ngwazi kuti zisayandikire malo oopsa, inalola kuphatikiza ngwazi m'magulu, ndipo zithunzi zake zinali zamakono. Koma kwa ine inataya kanthu kofunika. Ngwazi zake zimadikira kwambiri mbendera, ndipo kusiyana kwa makhalidwe awo sikuoneka bwino monga poyamba. Mfumu inapatsidwa mphamvu zochuluka, anthu ake n'kuchepa moyo. Dziko la Ardania linagwiritsidwanso ntchito m'magemu ena monga Warlock: Master of the Arcane ya mu 2012, koma imeneyo ndi yosinthana nthawi yosewera, ndipo asilikali ake amamvera lamulo lililonse.

Yoyambayo ikupezekabe. Mu 2012 inatulutsidwanso ndi dzina loti Majesty Gold HD, yophatikiza gemu yoyamba ndi gawo lowonjezera lija, yokonzedwa kuti igwirizane ndi masikirini a masiku ano, ndipo imagulitsidwa pa Steam ndi pa GOG, masitolo a magemu a pa intaneti. Popeza ndi ya m'chaka cha 2000, siifuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yakale ya kuofesi kapena ya kusukulu imaikwanitsa, ndipo mukaiika simufunikanso intaneti kuti musewere nokha.

Mukaiyamba, sankhani ntchito za oyamba kumene. Mangani nyumba ya alenje kuti mapu atseguke, msika kuti ndalama ziyambe kuyenda, ndipo lipirani msanga kuti pamsikapo pazipezeka mankhwala ochiza, chifukwa ndi amene amasunga ngwazi zatsopano. Musathamangire kuika mphotho zikuluzikulu. Dinani pa ngwazi imodzi n'kuitsatira kwa kanthawi: gemuyi imakuonetsani chomwe ikuganiza pa nthawiyo, kaya ikusaka, ikupita kukagula zida, kapena ikuthawa ndi mantha. Mukatsatira atatu kapena anayi a mitundu yosiyana, mudzayamba kudziwa mtengo woyenera kuika pa mbendera ndi nthawi yoyenera kuiika.